Nkhani yanga ndiitumize kuti? Kuyerekeza mipikisano ya zolembalemba kwa ife a ku Kasungu

Loweruka lina tinakhala anthu asanu pa khonde la sitolo ina kufupi ndi depoti pa Kasungu boma, kagulu kathu ka olemba kaja timakumana kamodzi pa mwezi ngati mvula yalola. Panali aphunzitsi ena a ku Santhe atanyamula hadikava yodzadza ndakatulo, zina za Chichewa zina za Chingerezi, akuti zakwana 60. Panali mtsikana wa ku Chamama, nkhani yake yaifupi ili mu foni, anailemba ndi chala chimodzi usiku kwa miyezi iwiri. Ndiye panali madala ena opuma ntchito, iwowa anabwera ndi jumbo muli makope atatu, nkhani yaitali ya Chichewa yolemba pamanja, ya banja la matenanti pa esiteti ya fodya. Onsewa funso linali limodzi, akuti tamva kuli mipikisano anthu akuwina mapaundi, ife titumize kuti?

Ndinayankha mwachidule tsiku limenelo koma sindinakhutire, nde ndati ndilembe bwinobwino pano. Ine ndatumizako zolemba kangapo, ndagwako kambiri kuposa kupambana, ndipo kamodzi anandidyera ndalama, ndifotokoza kutsogoloku.

Zoyamba kudzifunsa musanayang'ane mphoto

Ambirife timayamba ndi kuona ndalama, mpikisano wa mphoto yaikulu ndi umene timaufuna. Koma mipikisano yambiri imakukana usanawerengedwe ndi komwe, chifukwa cha zinthu zitatu zokha. Choyamba chilankhulo, mwalemba m'Chichewa kapena m'Chingerezi. Chachiwiri mtundu ndi kutalika kwa chimene mwalemba, nkhani yaifupi, ndakatulo kapena buku lathunthu, ndipo mawu alipo angati (muwerenge pa kompyuta, osati kungoyerekeza ndi maso). Chachitatu, chinasindikizidwapo kale kapena ayi. Apapa ndi pamene anthu ambiri amagwera, chifukwa ena amafuna zimene sizinatulukepo kwina kulikonse pomwe ena amafuna zotuluka kale basi, ndipo kwa ambiri a gulu loyambalo kuika nkhani pa Facebook kapena pa blog ndi kusindikiza komweko.

Mukayankha zitatuzo, njira iliyonse ndaiyeza ndi miyeso inayi: ndalama zimene zituluke m'thumba mwanu, kapezekedwe kake kwa munthu amene ali kuno osati ku Lilongwe, ntchito imene imafuna musanatumize komanso mukatumiza, ndi poterera pake.

1. Mipikisano ya kwathu konkuno

Apa ndikunena ya bungwe la olemba la Malawi Writers Union, lomwe timangoti MAWU, ndi ina imene amakonza mabanki, makampani, mabungwe ndi magulu a alakatuli. MAWU inayamba mu 1995 ndipo kwa zaka zingapo inkayendetsa mpikisano wa nkhani zazifupi ndi thandizo la First Merchant Bank, ija pano ikutchedwa First Capital Bank. Panalinso Peer Gynt Literary Award ya mabuku athunthu yomwe inkayenda ndi thandizo lochokera ku Norway, ndi imene a Shadreck Chikoti anapambana mu 2013 ndi Azotus the Kingdom.

Ndalama: zochepa. Ina ndi yaulere, ina imafuna kandalama kolembetsera kapena umembala, muwerenge bwino chilengezo. Chimene chimadya ndalama kwenikweni ndi kutayipitsa ndi kupulinta ngati akufuna mapepala, kenako transipoti. Mwambo wopereka mphoto sumachitikira ku Kasungu, ndi ku Lilongwe kapena ku Blantyre, ndipo ngati mwafika mu ndime yomaliza koma simunawine, ya minibasi ndi yogona mwina yatuluka m'thumba mwanu.

Kapezekedwe: apa ndi pofooka. Mipikisano yathu imadalira wothandiza, wothandiza akasintha maganizo mpikisano umagona, chaka chino ulipo chaka chamawa zii. Simungaikonzere kalendala. Muyenera kukhala tcheru ndi masamba a zaluso mu Weekend Nation ndi Malawi News, mawayilesi, ndi magulu a WhatsApp a olemba, ndipo nthawi zina chilengezo chimatipeza kuno kutatsala sabata imodzi. Koma ubwino wake waukulu, kuno ndi kumene mungapeze mpikisano wolandira Chichewa, makamaka wa ndakatulo, ndipo woweruza amadziwa kuti chigafa nchiyani, simufunika kumufotokozera.

Ntchito: yapakatikati. Nthawi zambiri amapereka mutu, monga za katangale, za chilengedwe, za nkhanza kwa amayi kapena za kusunga ndalama ku banki, nde nkhani imene munalemba kale mwina sikwana, mulembe yatsopano.

Poterera: mutu wopatsidwa uja umakoka munthu kulemba ulaliki m'malo mwa nkhani, mapeto ake aliyense walemba za mtsikana amene anakana ukwati nkukhala nesi. China, muone chimene akunena pa umwini. Ena amati zolemba zonse zotumizidwa zikhala zawo, ngakhale zimene sizinawine. Chiganizo chimenecho mukachiona ganizani kawiri, ndipo ndi bwino kudziwa za COSOMA, bungwe loteteza umwini wa zaluso, ndi lamulo la umwini wa zaluso la 2016 musanasainire chilichonse.

2. Commonwealth Short Story Prize

Uwu ndi umene ine ndimauza aliyense wa nkhani zazifupi kuti ayambire, ndipo ndikhalitsapo pang'ono. Unayamba mu 2012, ndi wa nzika za maiko a Commonwealth za zaka 18 kupita m'tsogolo, Malawi ali momwemo. Amafuna nkhani imodzi ya mawu 2,000 mpaka 5,000 imene sinasindikizidwepo. Maiko anawagawa m'zigawo zisanu, ife tili m'chigawo cha Africa. Wopambana m'chigawo amalandira £2,500, wopambana onse amalandira £5,000, ndipo nkhani za opambana m'zigawo zakhala zikutuluka pa intaneti mu magazini ya Granta. £2,500 ija pa mtengo wa ku banki ndi yopitirira K5 miliyoni, alimi ambiri a fodya kuno saiona ndalama imeneyo akachotsa ngongole ya feteleza.

Ndalama: kulowa ndi ulere. Chofunika ndi bandulo ndi nkhani yotayipa. Basi.

Kapezekedwe: apa ndi pamene umaposa ina yonse, chifukwa tsiku lake ndi lodziwika, amatsegula pa 1 September nkutseka pa 1 November chaka ndi chaka. Mumatumiza nokha pa webusaiti yawo, sipafunika wosindikiza, sipafunika kudziwana ndi munthu. Mayina a ofika mu ndime yomaliza amatuluka cha mu April, nde ndi miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi ya kudikira. Za chilankhulo, kupatula Chingerezi amalandira zilankhulo zina zingapo monga Chiswahili, Chifalansa ndi Chipwitikizi, Chichewa palibe pa mndandanda umenewo. Koma amalola nkhani yomasuliridwa m'Chingerezi kuchokera ku chilankhulo china chilichonse, nde wolemba Chichewa khomo silinatsekedwe, kungoti apeze womasulira wodziwa ntchito.

Ntchito: yambiri kuposa mmene anthu amaganizira. Mu 2024 kunalowa nkhani zopitirira 7,000, ndiye woweruza woyamba akaona ndime yoyamba ili ndi zolakwika zitatu sapitiriza. Nkhani imafuna kuigoneka mwezi, kuiwerenganso mokweza, kupatsa anzanu awiri amene sakuopani, osati amene angoti "ili bho". Ine ndimati yambani mu June, pofika August ikhale yatha, September ndi wokonza. Ndipo musadikire tsiku lomaliza. Chaka china ndinadikira mpaka pa 1 November madzulo, magetsi anathima cha m'ma 4, laputopu yobwereka batire yake inali yakufa, ndinakwera kabaza kupita kwa mnzanga amene ali ndi sola, kufika kumeneko netiweki ikungozungulira, fomu ija ndinaidzaza katatu. Inapita inde koma ndinatumiza fayilo yakale, ija ndisanakonze mapeto, ndinazindikira mawa lake. Palibe womudandaulira pamenepo.

Poterera: mwayi wowina ndi wochepa, tisanamizane, anthu masauzande mphoto zisanu. Komanso nkhani yanu imakhala yomangika miyezi yonse ija, simungaisindikize kwina. Chinanso chimene ndimachiona kwa anzathu, munthu akangomva kuti oweruza ndi akunja amayamba kulemba za ndege ndi chipale chofewa, kapena amasandutsa mudzi wake kukhala chionetsero cha umphawi. Mbozi Haimbe wa ku Zambia, oyandikana nawo pa Mchinji pomwepa, anawina chigawo cha Africa mu 2019 ndi nkhani yochitikira kwawo ku Zambia konko. Za pa Chinkhoma tsiku la msika wa fodya, za mkangano wa malire a munda, za njovu zotuluka mu paki nkudya chimanga cha anthu, zimenezo wa ku London sangazilembe, ndi zanu.

3. Caine Prize

Uwu ndi wotchuka kwambiri ndipo ndi umene anthu amaulakwitsa kwambiri. Unayamba mu 2000, mphoto yake £10,000, ndi wa nkhani yaifupi ya m'Chingerezi yolembedwa ndi munthu wa ku Africa. A Stanley Onjezani Kenani anafika mu ndime ya anthu asanu omaliza kawiri, mu 2008 ndi For Honour komanso mu 2012 ndi Love on Trial. Namwali Serpell wa ku Zambia anawina mu 2015 ndipo ndalamayo anagawana ndi anzake amene anafika nawo mu ndime yomaliza.

Ndalama: inu simulipira kanthu.

Kapezekedwe: apa ndiye nkhani. Simungatumize nokha. Nkhani iyenera kukhala itasindikizidwa kale, mu magazini kapena mu buku la nkhani zosonkhanitsa, ndipo wotumiza ndi wosindikiza uja osati inu. Zodzisindikizira nokha salandira. Ndiye kunena zoona Caine si khomo loyamba, ndi lachiwiri. Loyamba ndi magazini monga Lolwe ya ku Kenya, Doek ya ku Namibia, Isele kapena Omenana kwa olemba nkhani za sayansi ndi zamatsenga, kapena mabuku a Short Story Day Africa. Idza Luhumyo wa ku Kenya amene anawina mu 2022, nkhani yake inayamba yatuluka mu buku la Short Story Day Africa.

Ntchito: yaitali, ya zaka. Kutumiza ku magazini, kukanidwa, kukonza, kutumiza kwina, kugwira ntchito ndi mkonzi amene akubwezerani nkhani ili yofiira ndi ndemanga. Ikatuluka muwakumbutse akonziwo mwaulemu kuti aitumize ku Caine, ndipo muonetsetse kutalika kwake, kwa zaka zambiri malire apansi akhala mawu 3,000.

Poterera: nkhani imene mwaitulutsa mu magazini yafa ku Commonwealth, simungaitumizenso kumene kuja. Nde dongosolo labwino ndi kuyamba ku Commonwealth, ikagwa mu April muitumize ku magazini, ikatuluka ipite ku Caine. Nkhani imodzi makomo atatu, bola mutsate ndondomeko imeneyo osaitembenuza. Ndipo mukafika patali pamafunika pasipoti ndi visa, zinthu zimene sizitheka sabata imodzi.

4. Mipikisano ya ndakatulo ya kunja

Alakatuli kwathu kuno ndi ambiri kuposa olemba nkhani, pa maliro, pa ukwati, pa wayilesi, paliponse. Koma mipikisano ya kunja imafuna ndakatulo ya pa pepala, ija yoti igwire munthu popanda mawu anu okoma ndi nyimbo kumbuyo. Iwiri yodalirika ili pansi pa African Poetry Book Fund yomwe anayambitsa Kwame Dawes. Wina ndi Evaristo Prize for African Poetry, umene kale unkatchedwa Brunel International African Poetry Prize, anauyambitsa Bernardine Evaristo ndipo woyamba kuwina anali Warsan Shire mu 2013. Amafuna ndakatulo 10, mphoto pano ndi $1,500. Wina ndi Sillerman First Book Prize, wa buku loyamba la ndakatulo, masamba osachepera 50, mphoto $1,000 komanso bukulo amalisindikiza ku University of Nebraska Press.

Ndalama: yonse iwiri ndi yaulere, kutumiza ndi pa intaneti.

Kapezekedwe: kamodzi pa chaka, kwa amene sanatulutsepo buku lathunthu la ndakatulo, ndipo amawerenga m'Chingerezi. Ngati munapulintitsa kabuku kanu nkumagulitsa pa sukulu, werengani malamulo awo mosamala muone ngati kakukuchotsani pa mzere.

Ntchito: kusankha. Pa ndakatulo 60 zija mwina zolimba ndi 12, ndipo kuvomereza zimenezo kumawawa. Sillerman ndiye amafuna buku loyenda ngati chinthu chimodzi, osati mulu wa ndakatulo zonse zimene munalemba chichokereni Fomu 2.

Poterera: kumasulira ndakatulo ya Chichewa kupita m'Chingerezi. Nkhani imapirira kumasulira, ndakatulo nthawi zambiri imafera panjira, mikuluwiko ndi kamvekedwe zimatsala kuno, kumene kuja kumafika mafupa okhaokha. Ngati mphamvu yanu ili m'Chichewa ndi pa kulakatula pagulu, mipikisano imeneyi si yanu, ndipo palibe chochititsa manyazi pamenepo.

5. Buku lathunthu

Apa njira ndi zochepa. Booker Prize ija ya £50,000 iiwaleni kaye, imafuna buku losindikizidwa ku UK kapena ku Ireland ndipo otumiza ndi osindikiza. Ya munthu woyamba ndi monga The Island Prize, imene anayambitsa Karen Jennings wa ku South Africa buku lake litafika pa mndandanda wa Booker mu 2021. Ndi ya buku loyamba losasindikizidwa la wolemba wa ku Africa, m'Chingerezi. Palinso Miles Morland Writing Scholarship, iyi si mphoto ya buku lomaliza koma ndalama yoti mukhale pansi mulembe, £18,000 yogawidwa pa miyezi 12.

Ndalama: kulowa ndi ulere konse kuwiri, koma kukonzekera ndiye kodula. Buku la mawu 70,000 ndi masamba opitirira 200, ngati lili m'makope ndiye kutayipitsa pa stationery amatchaja pa peji, muwerengere nokha. Kenako mkonzi, chifukwa wotayipa uja amaonjezera zolakwika zake pamwamba pa zanu.

Kapezekedwe: Island Prize mphoto yake ya ndalama ndi yaing'ono, mapaundi mahandiredi chabe, phindu lake ndi loti akonzi ndi osindikiza akunja amaliona buku lanu. Morland imafuna kuti mukhale mutasindikizapo kale chinachake ndipo mutumize umboni wake pamodzi ndi dongosolo la buku limene mukufuna kulemba, nde tabwereranso ku magazini kuja.

Ntchito: Morland ukaipeza umayenera kutumiza mawu 10,000 mwezi uliwonse. Mwezi uliwonse, kaya kuli maliro kaya ndi nthawi yokolola. Munthu wa pa ntchito ya boma aganize bwino ngati angakwanitse.

Poterera: kutumiza buku lonse kwa anthu osawadziwa. Ku mabungwe odziwika ngati awa palibe vuto, koma sungani kope yanu pa imelo ndi pa flashi, yokhala ndi deti. Ndipo makope olemba pamanja aja musawasiye kwa wotayipa onse nthawi imodzi, perekani imodzi imodzi, ndinaonapo kope ya munthu itanyowa ndi mvula yodontha pa shopu, inki yonse kusungunuka, machaputala anayi kupita.

Pano ndipatukeko pang'ono, chifukwa nkhani ya madala a makope atatu aja imandiwawa. Buku la Nthondo lija ambiri tinakumana nalo ku sekondale linabadwa ndi mpikisano. Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, analilemba m'Chinyanja nkupambana nalo mpikisano wa International Institute of African Languages and Cultures, linatuluka mu 1933, ndipo chaka chotsatira T. Cullen Young analimasulira m'Chingerezi nkulitcha Man of Africa. Cullen Young yemweyo ndi amene anadzagwira ntchito ndi Kamuzu, mwana wa kuno ku Kasungu, kumasulira zolemba za Chinyanja za mu Our African Way of Life mu 1946. Ndiye taonani, zaka zopitirira 90 zapitazo munthu wolemba m'chilankhulo chathu anali ndi mpikisano wa kunja woti atumizeko, lero anzathu a Chiswahili ali ndi mphoto yawo ya mabuku osasindikizidwa imene inayamba mu 2014 ndi dzina la Mabati Cornell, ife a Chichewa buku lathunthu tilibe mpikisano wokhazikika woti chaka chilichonse tiziudikira. Amene ali ndi makampani a fodya ndi soya kuno akanaiganizira nkhani imeneyi.

6. Mipikisano yolipira

Iyi ilipo mitundu iwiri ndipo osaisakaniza. Ilipo yeniyeni yakalekale monga Bridport Prize ya ku England, imene inayamba mu 1973, ili ndi gawo la nkhani zazifupi zosapitirira mawu 5,000 ndi la ndakatulo zosapitirira mizere 42, mphoto yoyamba £5,000. Ndiye ilipo ya pa Facebook ndi WhatsApp yongotulukira ngati bowa.

Ndalama: Bridport ndi inzake amalipiritsa pa nkhani iliyonse kapena ndakatulo iliyonse, nkhani imodzi ndi mapaundi opitirira 10, ndipo kulipira kwake ndi pa khadi ya banki yotha kugula kunja. Ndi mmene forex ikuvutiramu, chichokereni kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, ambiri timangopempha wachibale wa ku Joni kapena ku UK atilipirire. Ina imakhala ndi malo ochepa aulere a anthu osowa, ndi bwino kufufuza msanga chifukwa amatha.

Kapezekedwe: ndi yambiri, chaka chonse, ya dziko lonse lapansi. Kutanthauza kuti mukupikisana ndi anthu amene Chingerezi anayamwira.

Ntchito: chimodzimodzi ndi Commonwealth, kungoonjezerapo kusaka wolipira.

Poterera: apa ndi pamene ndinapsa. Peji ina inalengeza mpikisano wa ndakatulo, mphoto yoyamba ndalama yooneka bwino, positala yokongola ya mitundumitundu, kulembetsa K5,000 yotumiza pa nambala ya foni. Ndinatumiza, ndakatulo zitatu. Patapita sabata ziwiri akuti mwafika mu top 20, tsopano anthu akuvotereni, voti iliyonse ndi yolipira. Ndinavutitsa abale anga, akwaya, mpaka apongozi. Tsiku lolengeza linasunthidwa kawiri, kenako peji ija inasowa, nambala osapezeka. Chikomekome cha mkuyu. Pano ndimayang'ana zinthu zinayi: oweruza atchulidwa mayina ndipo ndi anthu oti ungawapeze, opambana a chaka chatha alipo ndipo zolemba zawo zikuoneka, ndalama ikupita ku akaunti ya bungwe osati nambala ya munthu, ndipo wopambana akusankhidwa ndi owerenga ntchitoyo osati mavoti ogula. Mpikisano wa mavoti si wa zolemba, ndi wa amene ali ndi abale ambiri. Enanso amakuuzani kuti mwawina koma mugule buku limene muli ndakatulo yanu pa mtengo wodula, kapena mulipire satifiketi. Wowina salipira.

Ndiye ndani apite kuti

Mtsikana wa ku Chamama uja, nkhani imodzi ya Chingerezi ili mu foni, sanatulutsepo kanthu, ndalama alibe: Commonwealth, osaganizanso kawiri. Aichotse mu foni aiike mu Word, awerenge mawu, ndipo tizigawo tiwiri anaika pa Facebook chaka chatha tija afunse malamulo kapena alembe nkhani ina yatsopano, kufufuta positi sikutanthauza kuti sinatulukepo. Ikagwa mu April apite nayo ku magazini. Yolipira ija asaiyandikire pakadali pano.

Amene munatulutsapo kale nkhani mu magazini kapena mu buku la gulu, inu lembani imelo kwa akonzi anu za Caine, ndipo ngati muli ndi buku m'mutu yesani Morland chaka chomwecho, umboni wofunika muli nawo kale.

Aphunzitsi a ku Santhe agawe hadikava ija pawiri. Za Chingerezi asankhe 10 zolimba apite nazo ku Evaristo, Sillerman adikire kaye mpaka atakhala ndi masamba 50 oti sakuchita nawo manyazi, mwina chaka chamawa mwina chinacho. Za Chichewa asazimasulire, azitumize ku mapulogalamu a ndakatulo pa wayilesi ndi masamba a Chichewa a m'nyuzipepala monga Tamvani, ajambule ziwiri zitatu pa foni, ndipo akhale tcheru ndi mipikisano ya konkuno chifukwa ndi yokhayo imene idzawamve mmene iwo akufunira.

Amene muli ndi wachibale kunja wolola kukulipirirani ndipo nkhani yanu yadutsa kale m'manja mwa anthu okhwima, Bridport kamodzi pa chaka si tchimo, koma nkhani imodzi yokha, osati kuthira zisanu ngati mukubetcha mpira.

Madala a makope atatu ndinawauza zimene sanafune kumva, kuti pakadali pano mpikisano si njira yawo. Choyamba bukulo litayipidwe, kope imodzi imodzi, mdzukulu wawo ali ndi laputopu ndiye ndalama ya stationery yapulumuka. Likatha alipereke kwa aphunzitsi awiri a Chichewa aliwerenge ndi pensulo m'manja, kenako ayese osindikiza a konkuno amene amatulutsa mabuku a sukulu, uku akudikira ngati MAWU kapena wina alengeza mpikisano wolandira Chichewa. Chaputala chachitatu, chija tenanti akuwerengetsa ngongole yake ya chimanga ndi sopo kwa kapitawo fodya atagulitsidwa nkupeza kuti iye ndi amene ali ndi ngongole, chimaima pachokha ngati nkhani yaifupi. Chimenecho tagwirizana kuti ine ndi aphunzitsi aja tichimasulire m'Chingerezi mwezi wa July, iwo achiwerenge avomereze, chipite ku Commonwealth pa dzina lawo September akangoyamba. Anavomera koma anati mawu oti kapitawo tisawasinthe, akhale choncho.